Mwendo wa Bambo Ukuthinabe

Loweruka, 9 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, tikudzuka. Alamu anu ali bwino, kungoti msana umawayamba nthawi iliyonse ndikatchula zokonza chitseko cha bafa. Ana ali kalikiliki ndi mayeso. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni mumandidula mawu, komanso Bambo, amene amati makutu awo anatha, amamva chilichonse chonong'onedwa kuseri kwa chitseko. Ndiye ndatsalira kuno kuwekishopu masana ano anzanga ataweruka, kuti ndikufotokozereni bwinobwino, chifukwa zimene mwamva n'za mbali imodzi.

Mwamva kuti ndinakana kukwezedwa pantchito. N'zoona. Mukudziwanso kuti Bambo anapempha kusamukira kwanu, mpaka inu mwapenta kale chipinda chakumbuyo. Chimene simukudziwa n'chifukwa chake milungu ikungopita munthu osanyamuka, ndipo n'chimene ndakhalira pansi kukulemberani.

Ndiyambe ndi ntchito yangayi, poti inu mumangouza anzanu kuti mlongo wanu amagwira kuchipatala, n'kuwasiya aziganiza kuti ndine dokotala. Ndimakumvani, musakane. Ine ndimapanga miyendo, achimwene. Munthu akadulidwa mwendo, bala likapola, amabwera kwa ine. Ndimagwada patsogolo pake, n'kukulunga pulasitala wonyowa pa mbali yotsalayo, imene ife timaitcha chitsa, kuti nditenge chikombole chake. Pa chikombolepo ndimaumbapo soketi, kapu yolimba imene chitsacho chimalowamo, kenako n'kumangirira chitsulo ndi phazi. Ndimaweruka tsitsi lili mbuu ndi fumbi, zikhadabo zanga n'zosaonetsa kwa alendo. Zaka zoposa makumi awiri ndakhala m'chipinda chomwechi, ndipo sindinadzukepo m'mawa n'kunena kuti kalanga ine, kwachanso.

Chakumayambiriro kwa chaka abwana anandiitana. Anati kulikulu kwatseguka mpando woyang'anira mawekishopu onse a m'zipatala, ndipo dzina limene likumveka ndi langa. Malipiro abwino, galimoto, nyumba, koma kusamukira kumzinda wina, ndipo mlungu uliwonse pamsewu. Anati ndiyambe ndagwirizira udindowo ndili komkuno, mu ofesi yam'mwamba, kuti ndiulawe. Ndinavomera, ndipo sindikunamizeni, ndinasangalala. Ndinagula nsapato zazitali ndi chikwama cha m'manja. Alamu anu ankandichingamira pakhomo n'kumati, "Afika abwana, ana inu bisani mbale zakuda."

Musaganize kuti ntchitoyo inandikanika. Ndinaigwira, ndipo anandiyamikira. Koma miyezi itatu imeneyo ndinali ngati munthu wovala zovala zobwereka. Msonkhano ukatha, wina unali ukudikira pakhomo. Anthu akamakangana za mapulani a chaka chamawa, ine maso anali pansi pa tebulo, kuyang'ana mapazi awo. Ndinazindikira kuti mkulu wa zachuma amadyetsa chidendene chakumanja mbali yakunja, ndipo ndinavutika tsiku lonse kudziletsa kuti ndisamuuze kuti bondo limenelo lidzamuvuta. Lamlungu madzulo ndinkasiya nsima m'mbale poganizira za Lolemba, chinthu chimene sichinandichitikirepo chiyambire ntchito. Kunyumba ndinkafika mutu uli gwa, mwana akandifunsa kanthu ine n'kumuyankha ngati ndikutseka msonkhano. Matimati anga kuseri kwa nyumba anauma ndikuwaona.

Pali mayi wina telala amene ndinamupangira mwendo woyamba ali mtsikana. Amapalasa makina osokera ndi mwendo womwewo, ndiye phazi lake limatha msanga kuposa la wina aliyense, ndipo amabwera chaka ndi chaka, kudzandilalatira kuti ndimagwiritsa ntchito mphira wabodza. Tsiku lina ndili pawindo la ofesi yam'mwamba ndinamuona akudutsa pabwalo, akupita kuwekishopu. Anzanga anamuthandiza bwino lomwe, panalibe cholakwika. Koma ine nsanje inandigwira, achimwene, nsanje yeniyeni, ngati mkazi woona mwamuna wake akuseka ndi wina. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi ndikuthamangira chiyani, pamene chimene ndimafuna chili pansi pa masitepe awa.

Alamu anu nditawauza, anangokanda m'mutu n'kunena kuti, "Galimotoyo ndinali nditaikwera kale m'maloto, koma ndibwezereni mkazi wanga. Uyu wobwera ndi mafayiloyu ndimamuopa."

Abwana sanamvetse. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mukudziwa kuti pa msinkhu wanuwu mwayi wotere sungabwerenso?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Pali amene wakulakwirani?"

"Palibe. Ndalawa, n'zokoma ndithu, koma si zanga. Ndibwezereni epuloni yanga."

Mpandowo anaupereka kwa mnzanga uja timamutcha Chimphepo chifukwa choyenda ngati akuthamangitsidwa. Ndi wamng'ono kwa ine, ndipo ndinamuphunzitsa ndine kugwira pulasitala. Anthu ankayembekezera kuti ndidzatupa, koma ayi. Mwana uja misonkhano amaimva kukoma ngati mmene ine ndimamvera fungo la guluu. Asanathe mwezi anatipezera uvuni watsopano wofewetsera pulasitiki, umene takhala tikuulira zaka. Akabwera kudzatiyendera ndimamupatsa ulemu wake pagulu, kenako kuseri n'kumuuza kuti wanenepa. Mtima wanga uli pansi, achimwene. Ndimaweruka dzuwa likadalipo, ndimayenda wapansi kupita kunyumba, ndipo Lamlungu ndimadya bwino.

Vuto linali Bambo. Ine sindinadziwe kuti iwo anali atalengeza kale nkhaniyi pabenchi ya pa ometa tsitsi paja amakhala ndi anzawo. Aliyense wodzametetsa ankatuluka akudziwa kuti mwana wa mdala wa mwendo umodzi akukakhala bwana kulikulu. Nditawauza kuti ndakana, anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Wati watani?"

"Ndakana, Bambo."

"Wakana kapena akukana? Usachite manyazi, ine ndikudziwa mmene amachitira anthu amenewa."

"Ndakana ndine."

"Iwe, wataya bomwetamweta! Ukufuna ufe ukugwadira miyendo ya anthu?"

Inu mukukumbukira mmene anagwirira ntchito kufakitale ya nsapato kuja, kudula zikopa mpaka imvi, anyamata amene anawaphunzitsa okha akuwadumpha mmodzimmodzi kukhala akapitawo. Ine ndinkayesa kuti zimenezo zinapola kalekale, koma ndinalakwitsa. Masiku angapo sanandilankhule. Kubenchi anasiya kupita. Ankangokhala pakhonde nkhope ili ndwii, akafuna mchere patebulo n'kumapempha kudzera mwa mdzukulu wawo, ine ndili pomwepo.

Kenako anapeza yankho lawolawo. Anaganiza kuti munthu wamutu wabwino sangakane galimoto, ndiye payenera kukhala chimene chandimanga miyendo, ndipo chinthucho ndi iwo: nkhalamba ya shuga, ya mwendo wochita kupanga, yosayenera kusamutsidwasamutsidwa. Ndi pamene anakuimbirani foni ija. Ine ndinamva zonse zitatha kale.

"Ndikupita kwa mchimwene wako," anatero. "Ndikachoka, ukawauze mabwana akowo kuti wasintha maganizo."

"Bambo, mpandowo pali kale munthu."

"Udzatuluka wina. Ine sindifuna kudzafa anthu akunena kuti ndinakhalira mwana wanga pamsana."

Zinandiwawa kwambiri, sindikubisirani. Sikuti kwanu sangasamalidwe, ndikudziwa mtima wa alamu anga. Koma Bambo akhala m'nyumba mwanga chimwalirireni Amayi. Anzawo ali kuno, dokotala wawo ali kuno, ndipo kwanuko munanena nokha kuti malo okonzera miyendo ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Munthu wa zaka zawo kumuzula n'kukamudzala pena chifukwa cha mlandu umene sanapalamule! Ndinawachonderera, alamu anu anawachonderera, koma mukuwadziwa bambo anu akanena kuti ndanena.

Nditaona kuti sizisintha, ndinati chabwino, koma sangapite ndi mwendo wakalewo. Chitsa chinali chitaonda, soketi ikugwedera, akuvala masokosi atatu kuti igwire. Ndinawauza kuti ndiwapangira watsopano wa paulendo, ukatha anyamuke. Anavomera. Achimwene, mwendo umenewo ndinaupanga ndi luso langa lonse. Maganizo oti ndiuchedwetse dala anandibwerera, koma manja anakana. Ndinausalaza m'kati mpaka kumaterera, ndinasankha phazi lopepuka, ndipo misozi ina inagwera mu pulasitala, ndikuganiza kuti ndikupanga chinthu choti chiwachotse pakhomo panga.

Tsiku loyesa anabwera atavala jekete, ngati akupita kukhoti. Ndinawakhazika pampando, n'kugwada, n'kuwaveka. Anaimirira pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira zija, moyang'anana ndi galasi lalikulu. Anzanga anaona okha kuti pali nkhani, anatuluka mmodzimmodzi. Bambo anandiyang'ana pamutu ndili chigwadire.

"Iwe, undiuze zoona. Ine ndikanakhala kuti kulibe, ukanapita?"

"Ayi, Bambo. Sindikanapita."

"Usandinyengerere ngati mwana."

"Sindikukunyengererani. Ntchito ija ndinaigwira miyezi itatu inu muli bwinobwino, ndipo tsiku lililonse ndinkawerenga maola."

"Ndiye kuti ulibe nzeru basi."

"Mwina ndilibedi."

Anagwiritsitsa zitsulo zija. Kenako anati, "Ine ndinadikira ukapitawo mpaka tsitsi kuyera."

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene sindinawafunsepo. "Bambo, kodi kufakitale kuja ntchito yanu munkadana nayo?"



"Chikopa ndinkachikonda," anatero motsitsa mawu. "Ndikanakhala kapitawo bwenzi ndikungoyendayenda ndi pensulo kukhutu. Chimene chinkandiwawa n'choti palibe anandiitanapo n'kundifunsa kuti, kodi iwe ungafune?"

"Ine anandiitana, Bambo. Anandifunsa. Ndayankha."

Anayamba kuyenda, kupita kugalasi n'kubwerera, kenako n'kusiya zitsulo zija. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana mayendedwe a anthu, ndipo ndikukuuzani kuti chidulidwireni mwendo Bambo anali asanayendepo choncho. Mapewa ali chilili, phazi likutera bwino, osamva ngakhale kaphokoso. Ndinanyadira, komanso mtima unandisweka, chifukwa ndinadziwa kuti chowaletsa ulendo chatha. Anaima pagalasi n'kudziyang'ana nthawi ndithu.

"Ukuthina," anatero.

"Pati, Bambo?"

"Apa, pansi pa bondo. Sindingakwere nawo basi umenewu."

Ndinachita mantha, chifukwa kwa munthu wa shuga pothina pamasanduka bala, ndipo bala lawo silimva mankhwala msanga. Ife tili ndi njira yathu yopezera pothina: timapaka lipisitiki pachitsa pamene munthu akuloza, n'kumuveka soketi, ayende pang'ono. Ngati pakuthinadi, m'kati mwa soketi mumatsala chidindo chofiira kwambiri, ndipo timapala pamenepo. Nditatulutsa lipisitiki m'thumba la epuloni Bambo analumpha. "Iwe, ukufuna undipake za azimayi? Anzanga akamva ndidzalowera kuti?" Ndinawapaka akung'ung'udza. Chidindo chinatuluka chofanana ponseponse, khungu lili bwinobwino. Komabe ndinapala pang'ono poti mwini thupi wanena, n'kuwauza kuti auyese mlungu umodzi.

Mlungu wotsatira anabweranso. Kuthina kunali kutasamukira kumbuyo. Ndinapaka, ndinayang'ana, palibe. Mlungu winawo anati phazi likuloza kunja. Usiku wake ndinasowa tulo, kudzifunsa kuti kodi manja angawa ayamba kukalamba. Ndinafika poganiza zoyambiranso chikombole.

Ndiye tsiku lina m'mawa ndinaima pawindo la wekishopu ndikutsuka manja, n'kuona Bambo akutsika minibasi pageti. Achimwene, munthu ankayenda ngati msilikali! Ndodo ili kukhwapa, akupereka moni kwa alonda, mpaka kudumpha kangalande kamene ine ndimachita kuzungulira. Atafika pakona ya khonde lathu anaima, anakonza jekete, anatsitsa ndodo, n'kuyamba kutsimphina. Ndipo pothamangira anaiwala, anatsimphinira mbali ya mwendo wabwino.

Ndinathawira kuchipinda chosungira katundu, n'kuseka nditatseka pakamwa ndi epuloni mpaka misozi. Misoziyo itayamba inakana kusiya, ndipo sinalinso ya kuseka. Nditapukuta m'maso ndinatuluka nkhope ili bwinobwino.

"Lero pati, Bambo?"

"Pachidendene. Ukundikokera kumbuyo."

"Pepani. Tiyeni tione."

Ndinagwada, ndinatenga sipanala, ndinamasula kasikuluwu ka pa kakolo pang'ono, n'kukabwezera pomwe kanali. Anayenda kupita kugalasi n'kubwerera.

"Bwanji pano?"

"Pang'ono ndiye wasintha. Koma usathamange, tiuonebe. Mchimwene wakoyo adikire, ulendo wautali suyendedwa ndi mwendo wokayikitsa."

"Zoona, Bambo. Tisathamange."

Umu ndi mmene takhalira mpaka lero. Lachinayi lililonse amabwera, ine n'kumasula, n'kubwezera. Ndikuganiza kuti akudziwa kuti ndikudziwa, chifukwa anthu odula zikopa sapusitsidwa ndi sipanala, koma palibe amene watchula. Akamaliza sapita msanga. Amakhala pabenchi ya odikira n'kumacheza ndi amene angodulidwa kumene, kuwaonetsa mmene amavalira sokosi kuti isapinde. Tsiku lina ndinawamva akukangana ndi telala uja za mphira, iwo ali mbali yanga. Kwa ometa tsitsi anayambiranso kupita. Wometayo ananditsina khutu kuti masiku ano nkhani inasintha, akuti mwana wawo anaitanidwa kulikulu n'kuwakanira mabwana m'maso muli gwa, ndipo amaikamba ngati ndinagwetsa mkango.

Pali kanthu kamodzi kamene ndikuuzani inu nokha, ndipo kathere m'kalata muno. Zimene ndinawayankha Bambo tsiku loyesa lija n'zoona, sindikanapita ngakhale iwo kulibe. Koma pamene ndinkaika zinthu pasikelo, iwo analipo. Analipo pamodzi ndi alamu anu, ana, telala wanga wolalata uja, ndi njira yanga yapansi yopita kunyumba. Sanali chingwe chondimanga, anali chimodzi mwa zinthu zimene sindinafune kuzisiya. Kusiyana kwa ziwirizi ine ndikukumva bwino, koma iwo sangakumve, angoyambiranso kulongedza.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Mukaimba foni musamawafunse kuti mubwera liti. Mukawafunsa amakakamizika kutchula tsiku, ndipo munthu wamkulu akatchula tsiku amachita manyazi kulibweza. Musawauzenso kuti ndakuuzani za kutsimphina kuja, angadzanyamuke tsiku lomwelo pofuna kutitsutsa. Muziwafunsa za mwendo, n'kuwadandaulira, n'kuwauza kuti asafulumire. Mukafuna mutha kundinyozako pang'ono kuti ndikuchedwa, amakondwa akamanditeteza. Ndikudziwa kuti munawakonzera malo ndi mtima wonse, ndipo inunso mumawasowa. Bwerani patchuthi mudzakhale nawo, nyumba ndi yaing'ono koma tidzapanikizana. Ndipo inuyo musandimvere chisoni za mpando uja. Mlongo wanu sanagwe, anangokhala pamene pamamukwana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze chifukwa cha makatani amene anasokera chipinda chija. Ana onse muwauze kuti azakhali awo akuwafuna. Alamu anu akuti moni wambiri, ana kuno nawonso akupereka moni.

M'mawa uno ndinauza Bambo kuti ndikulemberani, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu. Anaganiza kaye, akumanga chingwe cha nsapato ya kumwendo watsopanowo. Akuti muli bwanji. Akuti chipindacho musachisiye chopanda munthu, alendo azigonamo. Akuti abwera ndithu, mwendo ukangosiya kuthina.

Ine ndine mmisiri wabwino, achimwene, aliyense kuno angakuuzeni. Koma mwendo umenewu sindikuona kuti ndiutha msanga.

Ndatha ine mlongo wanu wokukondani,
wa fumbi m'tsitsi uja.